Kodi ndingakonzekere ndekha mayeso a psychology ndili kuno ku Zomba?

Funso: Ndine mtsikana wa ku Chinamwali. Ndinalemba MSCE ndipo ndinakhoza, koma pakadali pano ndili pakhomo. Ndimakonda psychology, ndipo ndamva kuti pali mayeso ake a A Level ndi ena otchedwa AP. Ndalama za sukulu yophunzitsa zimenezi kapena za mphunzitsi wapadera palibe, koma amalume alonjeza kundilipirira mayeso okha. Kodi n'zotheka kuwerenga ndekha n'kukhoza? Ndiyambire pati?

Yankho: Achemwali, n'zotheka. Psychology ndi limodzi mwa maphunziro a A Level amene munthu angathe kukonzekera ali pakhomo, chifukwa mulibe mayeso a mu labotale ngati a chemistry, ndiponso mulibe ntchito ya m'kati mwa chaka yofuna mphunzitsi woichonga n'kuitumiza. Zonse zimathera m'chipinda cha mayeso. Koma ndikuuzeni mosapsatira mawu: owerenga okha ambiri amene amagwa, sikuti amasowa wowafotokozera, pakuti mabuku amafotokoza bwino ndithu. Amagwa chifukwa amafika tsiku la mayeso asanalembepo yankho lomwe munthu wina analiyang'ana n'kuwauza kuti apa mwapeza malikisi 3 pa 10, ndipo chifukwa chake n'chakuti-chakuti. Kakonzekeredwe kanu konse kayenera kutseka mpata umenewu.

Tiyambe ndi mayeso oti musankhe. A MANEB, ngakhale likulu lawo lili konkuno ku Zomba, alibe psychology pa mndandanda wa maphunziro a MSCE, choncho mayeso onse awiri amene mwatchulawa ndi akunja. AP Psychology ndi ya bungwe la College Board la ku America. Imalembedwa kamodzi pachaka, mu May, ndipo zotsatira zake zimayambira pa 1 kulekeza pa 5. Kuyambira mu 2025 imalembedwa pa kompyuta, mafunso 75 osankha yankho ndi awiri olemba. Simungalembetse nokha kubungweko. Muyenera kupeza sukulu yololedwa kuchititsa mayeso a AP imene ingavomere kukulandirani ngati mlendo, ndipo kulembetsa kumatsekedwa cha mu November. Phindu lake lenileni lili kwa amene mtima wawo uli pa mayunivesite a ku America. Ngati si choncho, ine ndikanakulozerani ku Cambridge International AS & A Level Psychology, imene nambala yake ndi 9990 (AS ndi theka loyamba la A Level). Mayeso a Cambridge ndi odziwika kale m'dziko muno, sukulu ngati Kamuzu Academy zakhala zikulembetsa A Level kwa zaka zambiri, ndipo amalembedwa kawiri pachaka: chigawo cha June ndi chigawo cha November.

Musanagule buku lililonse, pezani malo olembera. Izi anthu amazisiyira kumapeto, kenako n'kupeza kuti awerenga chaka chathunthu koma palibe sukulu yowalandira. Funsani ku British Council ku Lilongwe komanso kusukulu zimene zimalembetsa mayeso a Cambridge ngati zimalandira wolemba payekha pa 9990, pakuti sukulu ikhoza kulandira alendo pa masamu koma osalandira pa psychology. Kulembetsa kwa chigawo cha June kumatsekedwa cha mu February, kwa November cha mu August, ndipo malo ambiri amatseka msanga kuposa apo; wochedwa amalipira zowonjezera. Mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa monga inagwera mu November 2023, nawonso umakwera. Amalume muwauze izi poyambirira, ndipo muwauzenso kuti mapepala awiri a AS amalembedwa masiku osiyana. Ngati malo olembera apezeka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pafunika thiransipoti ndi pogona kawiri. Chiphaso chanu cha unzika chikhale chili bwino, ndipo dzina lolembetsera lifanane ndendende ndi la pachiphasocho.

Pali funso lina limene simunafunse koma n'lofunika. Mukufuna pepalali kuti likuchitireni chiyani? Ngati cholinga ndi kulowa ku Chanco, kumene kuli dipatimenti ya psychology, njira yodziwika ndi MSCE yanu yomweyo kudzera ku NCHE (bungwe loona za maphunziro apamwamba), yokhala ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Phunziro limodzi la AS silingalowe m'malo mwa zimenezo. Pitani ku ofesi yoona zolemba ophunzira, si patali ndi kwanu, mukafunse ngati pepala lotereli angaliwerengere ndiponso motani. Akakuuzani kuti silisintha kanthu, kuwerengako kudzakhalabe kwaphindu chifukwa mudzayamba chaka choyamba muli patsogolo pa anzanu, koma mwina ndalama za mayeso zingagwire ntchito ina.

Tsopano tione zimene zili m'katimo. Ambiri amabwera ku psychology akuganiza kuti aphunzira kuwerenga maganizo a anthu kapena kulangiza osweka mtima. AS ya Cambridge si zimenezo. Mtima wake ndi kafukufuku 12 amene akatswiri anachita, ogawidwa m'magulu anayi: za thupi ndi ubongo, za kaganizidwe, za mmene zamoyo zimaphunzirira, ndi za mmene anthu amachitira akakhala pakati pa anzawo. Pa silabasi imene inayamba mu 2024 mupezamo Dement ndi Kleitman, amene mu 1957 ankadzutsa anthu pakati pa tulo kuti aone nthawi imene maloto amabwera. Bandura ndi anzake, amene mu 1961 anaonetsa kuti ana amatengera nkhanza zimene aona wamkulu akuchita. Andrade, amene mu 2010 anapeza kuti anthu amene ankadetsa timabokosi papepala pomvetsera uthenga wotopetsa anakumbukira zambiri kuposa ongomvetsera. Saavedra ndi Silverman, amene mu 2002 anathandiza mnyamata wa zaka 9 woopa mabatani a zovala. Ngakhalenso Fagen ndi anzake, amene anaphunzitsa njovu za ku Nepal kutsuka chitamba kuti ziziyezedwa TB. Mndandanda umenewu umasintha pakapita zaka, ndiye tengani silabasi ya chaka chenicheni chimene mudzalembe. Imapezeka mwaulere pa webusaiti ya Cambridge. Buku lakale logula pamsika likhoza kukuphunzitsani kafukufuku amene anachotsedwa kale.

Pepala loyamba limafunsa za kafukufuku 12 ameneyu. Lachiwiri limafunsa njira zochitira kafukufuku. Lililonse ndi la ola limodzi ndi theka, malikisi 60.

Kafukufuku aliyense muyenera kumudziwa mozama kuposa mmene mavidiyo a pa YouTube amafotokozera. Titenge wa Milgram wa mu 1963, amene aliyense amati amamudziwa. Wongoonera vidiyo anena kuti anthu anamvera lamulo lopweteka mnzawo ndi magetsi. Wokonzekera mayeso ayenera kudziwa kuti anali amuna 40 a zaka 20 mpaka 50, ochokera ku New Haven ndi madera ozungulira, amene anabwera okha ataona chilengezo. Kuti zinachitikira ku Yale University. Kuti makinawo anali ndi maswichi ochokera pa 15 kufika pa 450 volts ndipo magetsiwo sanali enieni. Kuti onse anafika pa 300, ndipo 26 mwa 40 anapitirira mpaka kumapeto. Kuti ambiri ankatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kuseka kwa mantha. Tizinthu timeneti sitoloweza pofuna kudzionetsa. N'timene mudzamangire yankho mukafunsidwa kuti muunike kafukufukuyo.

Malikisi amatayikira pamenepa. Pepala loyamba limatha ndi funso la malikisi 10 lokupemphani kuunika kafukufuku mmodzi, mupereke mphamvu zake ziwiri ndi zofooka zake ziwiri, ndipo imodzi mwa mfundozo ikhale pa nkhani imene funsolo latchula. Wowerenga yekha kawirikawiri amalemba motere: anthu amene anagwiritsidwa ntchito anali ochepa, choncho zotsatira sizingaimire anthu onse. Chiganizo chimenechi n'choona, koma mungachilembe pa kafukufuku wina aliyense, ndipo wochonga amachiona kambirimbiri. Yankho lopatsa malikisi limati: onse 40 anali amuna a dera limodzi la ku America, ndipo anali odzipereka okha, kutanthauza kuti mwina anali anthu okonda kale kuthandiza ndi kukondweretsa wofufuza, choncho chiwerengero cha 26 chikhoza kukhala chosiyana pakati pa akazi kapena pakati pa anthu amene sakanayankha chilengezo. Mfundo ndi yomweyo, koma tsopano yamangirizidwa ku kafukufukuyo ndipo yafika pa chifukwa chake. Mukaphunzira kachitidwe kameneka, ka mfundo, umboni wochokera m'kafukufuku, ndi tanthauzo lake pa zotsatira, mwaphunzira theka la phunziroli.

Kukhala Mmalawi kukhoza kukuthandizani pano, mukakugwiritsa bwino ntchito. Piliavin ndi anzake, m'kafukufuku wawo wa mu 1969, ankauza munthu wawo kuti adzigwetse dala m'sitima ya pansi panthaka ku New York. Akanyamula ndodo ngati wodwala, anathandizidwa msanga maulendo 62 mwa 65. Akanunkha mowa, maulendo 19 okha mwa 38. Mukamawerenga zimenezi mudzadzifunsa kuti kodi munthu atagwa m'minibasi yochoka ku Zomba kupita ku Limbe, kapena pakati pa msika, zikanakhala chimodzimodzi? Funso limenelo ndi labwino, ndipo akatswiri enieni amalifunsa. Mu 2010 Henrich, Heine ndi Norenzayan analemba kuti zambiri zimene psychology imanena za munthu zinachokera kwa anthu a mayiko olemera a azungu, makamaka ophunzira a m'mayunivesite. Koma pamayeso musalembe kuti kwathu anthu ndi achifundo ndiye akanathandiza onse. Amenewo ndi maganizo anu, palibe amene anawayesa. Lembani kuti kafukufukuyo anachitikira mumzinda umodzi, m'sitima imene okwera sakanatha kuchokamo, ndipo chikhalidwe chothandizana chimasiyana malo ndi malo, choncho tisafulumire kunena kuti anthu onse amachita chotero.

Nanga muziwerenga bwanji? Phunziro lomweli lili ndi yankho. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus anaonetsa kuti zimene taloweza zimathawa kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Mu 2006 Roediger ndi Karpicke anapatsa ophunzira ndime yoti aiphunzire. Gulu lina linangoiwerenga mobwereza m'zigawo zinayi. Lina linaiwerenga chigawo chimodzi, kenako katatu konse linalemba zimene likukumbukira osayang'ana. Patatha mphindi 5, obwerezawo anapambana. Patatha sabata, zinatembenuka: obwereza anakumbukira 40 pa 100 iliyonse, odziyesa anakumbukira 61. Chopweteka n'chakuti obwerezawo ndi amene ankadzikhulupirira kwambiri kuti akumbukira. Kuwerenga notsi mobwereza kuli ngati kuonerera amayi akuphika nsima tsiku ndi tsiku: umaona ngati ukudziwa, mpaka tsiku limene akupatsa mthiko.

Choncho mukatha kuwerenga kafukufuku mmodzi, tsekani buku, tengani pepala loyera, mulembe cholinga chake, anthu amene anatengapo mbali, zimene zinachitika, zotsatira ndi manambala ake, ndi zimene ofufuzawo anamanga. Kenako tsegulani buku muone zimene mwasiya. Bwerezani mawa lake, patatha masiku atatu, patatha sabata, patatha mwezi. Zimawawa mutu kuposa kukongoletsa notsi ndi zolembera zamitundu, ndipo poyamba mudzadziona ngati mbuli. Musadandaule nazo. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti siifuna bandulo kapena magetsi.

A Cambridge amawerengera maola pafupifupi 180 a kuphunzitsidwa pa AS, ndi 360 pa A Level yonse. Amenewo ndi maola a wophunzira amene ali ndi mphunzitsi, osawerengera kuwerenga kwake kwapadera. Inu dzipatseni miyezi 8 kapena kuposerapo, maola awiri patsiku, masiku asanu pasabata. Musadikire kuti mumalize silabasi kenako muyambe mapepala akale. Mukamaliza kafukufuku woyamba, sakani mafunso akale okhudza iyeyo muwayankhe sabata yomweyo.

Za mabuku sindichulutsa. Buku limodzi lovomerezedwa ndi Cambridge pa silabasi ya chaka chanu ndi lokwanira, ndipo ndi pamene ndalama yanu yochepa iyenera kupita. Pofuna kumvetsa mfundo zina, pali buku laulere la OpenStax lotchedwa Psychology 2e, limene mungalikopere pafoni kamodzi n'kumaliwerenga popanda intaneti, ngakhale silitsata silabasi yanu. Mapulogalamu a pafoni oyankha mafunso aja muwasamale, chifukwa nthawi zina amapeka manambala molimba mtima. Nambala iliyonse muitsimikize m'buku.

Tibwere kwa wochonga. Pepala lililonse lakale lili ndi mnzake wotchedwa mark scheme, wosonyeza mmene malikisi amaperekedwera, komanso lipoti la oyesa lofotokoza pamene olemba ambiri anaphonya. Lipotili owerenga okha salidziwa, pamene ndi lomwe limayankhula ngati mphunzitsi. Muziyankha funso motsatira wotchi, malikisi amodzi pa mphindi imodzi ndi theka. Yankholo mulisiye masiku awiri kuti muiwale zimene munkafuna kunena, ndiye mulichonge ndi cholembera cha mtundu wina, mukuwerenga zimene zili papepala zokha. Paliponse pamene mukudzipatsa malikisi, dulani mzere kunsi kwa mawu enieni amene akubweretsa malikisiwo. Mukasowa podula, malikisiwo palibe.

Ngakhale mutero, munthu amadzikomera mtima. Mufunika maso ena, mwina kamodzi pa masabata awiri. Apa Zomba yakukonderani kuposa mizinda ina. Ophunzira psychology a ku Chanco ambiri amakhala m'makomo a ku Chikanda ndi madera oyandikira, ndipo wa chaka chachitatu kapena chachinayi akhoza kukuchongerani mayankho awiri pa kandalama kochepa. Aphunzitsi amene anadutsa ku Domasi anaphunzirako psychology ya zamaphunziro, ndipo kuchonga ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Aliyense amene mwapeza, mupatseni mark scheme m'manja ndipo mum'pemphe achonge motsata imeneyo. Wa kuyunivesite anazolowera nkhani zazitali, ndipo akhoza kukuyamikirani yankho lokoma kuwerenga limene kwa Cambridge lilibe malikisi. Muzikumana poyera, masana, ndipo kunyumba azidziwa kumene muli.

Pepala lachiwiri ndi limene ndikufuna mulipatse nthawi yoposa imene mukuganiza, chifukwa silitheka kuloweza. Amakupatsani nkhani imene simunaionepo, ya wofufuza wongopeka, n'kukufunsani kuti independent variable yake (chimene wofufuza akusintha) ndi iti, dependent variable (chimene akuyeza) aiyeza bwanji, n'chiyani chingasokoneze zotsatira. Kumapeto amakuuzani kuti mukonze kafukufuku wanu. Njira yabwino yozolowera ndi kukonza wanu sabata iliyonse, papepala, kuchokera pa zimene mukuona. Mwachitsanzo, mukufuna kudziwa ngati kuwerenga wailesi ikulira kumachepetsa kukumbukira. Chimene mukusintha ndi wailesi, yoyatsa kapena yothimitsa. Chimene mukuyeza musangoti kukumbukira. Nenani kuti ndi chiwerengero cha mawu amene munthu walemba molondola mwa mawu 20 amene anawawerenga kwa mphindi ziwiri. Kenako sankhani: magulu awiri osiyana, kapena anthu omwewo kawiri? Mukatenga magulu awiri, mwina gulu lina lingokhala la anthu a mitu yakuthwa. Mukatenga anthu omwewo, ulendo wachiwiri adzakhala atazolowera kapena atatopa, ndiye theka liyambe ndi wailesi, theka linalo liyambe ndi bata, ndipo pakhale mindandanda iwiri ya mawu yovuta mofanana. Wailesiyo ikhale pa siteshoni imodzi ndi mphamvu imodzi. Anthuwo muwapeza bwanji? Ngati ndi ana a Fomu 2, chilolezo cha makolo chili kuti? Akafuna kusiya pakati, mwawauza kuti ali ndi ufulu? Mukachita zimenezi kangapo, mudzayamba kuona mabowo m'kafukufuku wa Bandura ndi wa Andrade popanda wokuuzani, ndipo pepala loyamba lidzapepuka nalo. Masamu ake asakuopseni: mean, median, mode, range, tanthauzo la standard deviation, ndi kuwerenga magirafu, zambiri mwa izi munakumana nazo kale ku sekondale.

Chingerezi cha mayesowa sichifuna maluwa. Ziganizo zifupizifupi, zolunjika. Chofunika ndi kumvera mawu oyamba a funso. Likati describe, nenani zimene zinachitika basi. Likati explain, pafunika chifukwa. Likati suggest, yankho silili m'buku, mukuyenera kugwiritsa ntchito zimene mukudziwa pa nkhani yatsopano. Ndipo funso likatchula munthu kapena malo, yankho lanu litchule munthuyo ndi malowo, apo ayi theka la malikisi lapita. Kufotokozera mng'ono wanu kafukufuku m'Chichewa ndi njira yabwino yoyesera ngati mwamumvetsa, koma mayankho olemba akhale m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba.

A Level yonse ili ndi mapepala ena awiri, ndipo mumasankha nthambi ziwiri mwa zinayi: ya matenda a maganizo, ya khalidwe la ogula, ya zaumoyo, ndi ya kuntchito. Ambiri amathamangira ya matenda a maganizo, ndipo kwa munthu wokhala mumzinda umene muli Zomba Mental Hospital n'zomveka. Mumaphunziramo za schizophrenia, matenda a kukhumudwa, mantha opitirira muyeso ndi ena, motsata buku la World Health Organization lotchedwa ICD-11. Ndi nthambi yokoma koma yodzaza, ndipo ili ndi msampha wake: wowerenga amayamba kuona matenda mwa aliyense, kuyambira iye mwini mpaka azakhali. Pepala la A Level silipatsa munthu chilolezo choyeza kapena kuchiza wina. Wachibale akadwala, apite kuchipatala. Ya zaumoyo imakhudza zinthu zimene mumaziona kale, monga chifukwa chimene odwala amasiyira mankhwala pakati, ndipo kwa wowerenga yekha ndimaiona yosavuta kuigwira.

Koma musalembetse mapepala onse anayi nthawi imodzi. Yambani ndi awiri a AS, muone zotsatira, zimene zimatuluka mu August kwa olemba chigawo cha June ndi mu January kwa olemba cha November. Zikakhala zabwino, malamulo a Cambridge amalola kunyamula malikisi a AS kupita nawo ku A Level malinga ngati mapepala otsalawo mwawalemba pasanathe miyezi 13, ndiye polembetsa koyamba mufunsiretu ngati malo omwewo adzakulandiraninso chaka chotsatira.